Mtedza wa kalabu musaugulitse pa mawu anu okha

Achimwene, venda akabwera kudzagula mtedza wa kalabu yanu ya alimi, musalole anyamule matumba mamembala asanamve, ngakhale ndinu wapampando ndipo iye akukuopsezani kuti mawa mtengo utsika. Aitaneni mamembalawo madzulo omwewo, ngakhale pansi pa mtengo wa mango, muwauze mtengo womwe wabwera, avote pokweza manja, mlembi alembe m'buku.

Ine ndinapsa nazo ndili wapampando kuno ku Mkanda, m'boma la Mchinji. Ndinagulitsa mtedza wathu wa mtundu wa CG7 ndisanafunse anzanga, poganiza kuti ndikuwathandiza, ndipo mtengo wake sunali woipa ayi. Sabata yotsatira tinamva kuti ku Kamwendo wakwera pang'ono, basi manong'onong'o anayamba akuti ndadyapo. Amayi awiri omwe ankafika msanga pa msonkhano uliwonse anangosiya kubwera. Chaka chotsatira ambiri anagulitsa payekhapayekha pa sikelo za mavenda, zija zimadya makilo zija. Ndalama sindinabe, koma zinanditengera zaka ziwiri kuti anthu andikhulupirirenso.

Mukakumana, gwirizananinso mtengo wotsikitsitsa womwe mungalole, poyang'ana mitengo yomwe boma limalengeza chaka chilichonse, ndipo musankhe anthu atatu oti azigamula nanu zinthu zikafulumira. Msungichuma asasowepo.

Koma wogula akabwera ndi pepala la mgwirizano, kapena akafuna kutenga mtedza pa ngongole, musasaine musanaonane ndi alangizi a zaulimi ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera) yanu. Ngati gulu lanu ndi kopaletivu yolembetsedwa, kafunseninso kwa woona za makopaletivu ku boma la Mchinji.