Kodi Covid-19 inapha anthu angati kwenikweni?

Mayi wina wanditumizira imelo kufunsa kuti: "Maboma ankati pofika kumapeto kwa 2021 Covid-19 inali itapha anthu 5.4 miliyoni, koma bungwe la WHO linadzanena 14.9 miliyoni. Akunama ndani?"

Mayi, manambala awiriwa ndi a padziko lonse lapansi, koma akuwerenga zinthu zosiyana. Yoyambayo ndi ya anthu amene achipatala anatsimikiza kuti afa ndi matendawa. Agogo amene anatsokomola sabata imodzi kumudzi n'kuikidwa mawa lake osayezedwa, m'nambalayo mulibe.

Yachiwiriyo, imene WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, inalengeza mu Meyi 2022, imapezeka motere: akatswiri amaona maliro amene dziko limakhala nawo pachaka kukakhala kulibe mliri, kenaka n'kuwerenga onse amene amwalira m'nthawi ya mliri, kaya afa ndi chiyani. Zotsalira pamwambapo ndiye imfa zoonjezera. M'menemo mumalowanso wodwala shuga amene anaopa kupita kuchipatala, ndi mayi woyembekezera amene anapeza anamwino atapanikizika. Ine ndimaona kuti n'chilungamo kuwawerengera, chifukwa nawonso mliri ndi umene unawatenga.

Ku South Africa, kumene imfa zambiri zimalembedwa m'kaundula, bungwe la South African Medical Research Council linkatulutsa manambalawa sabata iliyonse. Pofika 2022 linapeza imfa zoonjezera pafupifupi 300,000, pamene boma linali litalengeza pafupifupi 100,000.

Koma za ku Lusaka ndi zimene zimandikhudza kwambiri. Mu 2020 ofufuza anayeza mitembo 364 kumotchale ya chipatala cha University Teaching Hospital, ndipo 70 inapezeka ndi kachilomboka. Mwa anthu 70 amenewo, 6 okha ndi amene anayezedwa ali moyo. Ambiri anafera kunyumba.

Chenjezo langa ndi ili. Njira yowerengera imfa zoonjezera ija imadalira kaundula wa imfa. M'maiko athu ambiri munthu akamwalira timauza amfumu, adzukulu n'kukumba manda, basi. Kuboma sikufika kalata iliyonse. Zikatero, WHO imachita kuyerekezera ndi masamu potengera maiko ena, ndipo mikangano imayambira pomwepo. India inakana nambala ya imfa zoonjezera 4.7 miliyoni imene inapatsidwa ndi WHO. Choncho mukaona nambala ya Malawi kapena Mozambique, funsani kaye ngati inachokera m'kaundula kapena mukompyuta.