Yankho kwa asisi a ku Nchalo pa za juzi ya thonje yotaya ija

Asisi, mwafunsa ngati juzi yotaya ija, yomwe atsikana akujambulitsa nayo pa TikTok ndi pa Facebook, ikuyenera K65,000 yomwe wogulitsa wa pa WhatsApp wakutchulirani, poti akuti ndi ya thonje lenileni ndipo yachokera ku Joni. Ndaona ena akuti gulani basi, ndalama ndi yanu, ena akuseka kuti ku Chigwa kuno juzi njachiyani. Ine ndimagulitsa kaunjika pa Ngabu, majuzi amadutsa m'manja mwangamu chaka ndi chaka. Pa mtengo umenewo sindingakulimbikitseni, pokhapokha mutaigwira nokha kaye, komanso ngati mumakwera ku Blantyre pafupipafupi.

Amene akusekawo asakunamizeni kuti kuno sikuzizira. Juni ndi Julaye, m'bandakucha, kamphepo ka ku Shire kamalowa m'mafupa. Funsani aliyense amene anagonapo pa siwa miyezi imeneyo, kapena anakwerapo kabaza wa njinga yamoto kusanache kuthamangira minibasi pa Dyeratu. Koma kuzizira kwathu kumatha dzuwa likangokwera pang'ono, pofika 9 koloko mwavula kale. Ogasiti akamatha, juzi ija yalowa m'sutikesi, ndipo Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, ngakhale kuiona kokha thukuta kamukamu. Ndiye werengani nokha. Mukaivala ka 20 pa chaka, ndiye kuti chaka choyamba kuvala kamodzi kukukudyerani K3,250. Chaka chachiwiri fasho ikhala itasuntha, atsikana aja akujambulitsa ndi china.

Thonjelo sindikulinyoza ayi. Kwa ife a kuno juzi ya thonje ndiye yabwino kuposa ya ubweya kapena ya acrylic (ulusi wa pulasitiki), chifukwa imalowetsa mpweya, siyabwa pakhungu, ndipo dzuwa likakupezani muli nayo simubanika. Komano thonje silisunga kutentha kwambiri, ndipo likanyowa limalemera n'kuyamba kukuziziritsani. Mukadutsa pa Thabwa n'kukwera mapiri aja, n'kupeza ku Blantyre kapena ku Thyolo kuli chiperoni, mvula yamawawa ija idzakunyowetsani mpaka mkati, ndipo juzi yotaya imalowetsa mphepo kumunsi ndi m'mikono. Mudzafunabe jekete pamwamba. Tsono jekete yanji yomwe ingalowe pamwamba pa juzi yaikulu choncho?

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwenikweni n'chakuti mawu akuti "thonje lenileni" aliyense amangowanena. Uzani wogulitsayo akujambulireni kalebulo ka mkati, kamene kamasokeredwa pa msoko wa m'mbali chakumunsi, osati ka pakhosi kolembedwa dzina. Pamenepo ndi pomwe amalemba ulusi womwe anagwiritsa ntchito. Mukaona 100% cotton, bwino. Mukaona cotton pang'ono, kwinako acrylic kapena polyester, dziwani kuti m'khwapa ndi m'mbali momwe chikwama chimakhuza mudzayamba timibulu posachedwa. Kalebulo kakakhala kodulidwa, funsani chifukwa chake. Ifeyo tikakayikira timazula kaulusi kamodzi mkati mwa msoko n'kukayatsa ndi machesi. Ka thonje kamayaka msanga, kamanunkha ngati pepala lopsa, ndipo kamasiya phulusa lofewa loti mukalitikita limangoyoyoka. Ka pulasitiki, monga acrylic ndi polyester, kamakwinyika, kamasungunuka, n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Izi simungachite pa chithunzi, n'chifukwa chake ndikuti musatumize ndalama yonse pa foni musanaione.

Mukaigwira, ikokeni pang'ono pakhosi, kumapeto kwa mikono ndi kumunsi, kenako muisiye. Yolukidwa bwino imabwerera pomwepo. Ikatsala yatasa ikadali yatsopano, ikachapidwa kawiri khosi lidzafika pa phewa. Iunikeninso padzuwa muone ngati malukidwe ake ali othinana mofanana paliponse. Ndipo yang'anani mapewa. Juzi yomwe anaipanga dala kuti ikhale yotaya imakhala ndi msoko wa phewa wotsikira pamkono, koma mikono yake imathera pa dzanja penipeni, thupi lake lalifupi bwino. Ambiri akugulitsa juzi ya abambo ya XXL n'kumati ndiyo fashoyo. Imeneyo mukaivala mikono imabisa zala, ndipo anthu adzangoti mwabwereka ya alamu anu.

Nkhani ina yomwe palibe waitchula ndi kuchapa. Juzi yaikulu ya thonje ikalowa m'beseni imamwa madzi ambiri, kuitulutsa mpaka manja awiri. Mukaifinya mopotokola kapena kuiyanika pachingwe ili yonyowa, kulemera kwake kumaikokera pansi, ndipo siibwereranso. Imafuna madzi ozizira, kuifinya mongoipanikiza, n'kuiyala pa mkeka pamthunzi mutaitembenuza. Madzi otentha amaifupikitsa. Ndiye kuno mijigo yambiri madzi ake ngamchere, sopo sachita thovu bwino, munthu umathira wambiri n'kumafikisa mwamphamvu, apo ndiye ulusi ukutha. Yoyera kapena ya mtundu wa mkaka, yomwe ndi imene ikukongola pa zithunzizo, fumbi lathuli silidzaichitira chisoni. Yakuda imasuluka ndi dzuwa. Ngati mwaikondadi, sankhani yotuwa kapena yakhaki.

Za mtengowo, mwina wogulitsayo sakukuberani. Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wolowa kuchokera kunja anakwera, ndipo ndalama yakunja ikusowa. Ngakhale belo yomwe ife timaoda siili pomwe inali kale. Iyeyo waika thiransipoti, msonkho wa pa boda ndi phindu lake. Zonsezo n'zoona, koma sizisandutsa juziyo kukhala yolimba. Gawo lalikulu la ndalamayo mukulipira ulendo wake ndi kutchuka kwake. (Chimandiwawa ndikaganiza kuti thonje timalima tokha kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mlimi n'kuligulitsa pa sikelo motchipa, lambiri n'kutuluka kunja, ife n'kumagula chovala chimodzi pa ndalama yomwe mlimiyo amaiona atasenza mitolo. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Ndikanakhala ine, ndikanadikira. Majuzi amakwera mtengo Meyi ndi Juni pamene aliyense akuwafuna. Pofika Seputembala ogulitsa kaunjika timafuna angochoka, tigule belo ya madiresi. Pitani tsiku lomwe belo ikutsegulidwa, mulawire, musayang'ane mulu wa amayi wokha, fufuzaninso wa abambo. Mukapita ku Limbe kapena m'mashopu a DAPP, kumeneko ndiye kosankha n'kochuluka. Majuzi a thonje okhuthala bwino amapezeka, ena ochapidwa kale kambiri moti kufupika konse anafupika kale, momwe mwaionera ndi momwe idzakhalire. Ikakhala yaitali mikono, telala waluso akhoza kuipinda, bola asoke kaye asanadule kuti isasombololoke.

Koma ngati mtima wanu wakhazikika pa yomweyo, mumagwira ntchito mu ofesi ya makina oziziritsa aja, kapena mumakwera kumtunda mwezi ndi mwezi, mukhoza kuidyerera. Nenererani mtengo, musachite manyazi. Muuzeni abwere nayo kapena aitumize kwa munthu wanu ku Blantyre, muiyese kapena akuyesereni, muone kalebulo, ndiye mupereke ndalama. Akakana zoti muione kaye, musiyeni ndi juzi yake.