Siteshoni ya bambo anu: yambani ndi kuwerenga njerwa

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina amene amakhala ku Johannesburg. Akuti bambo awo ankagwira ntchito pa siteshoni ina yaing'ono pa njanji ya pakati pa Balaka ndi Salima m'zaka za m'ma 1970, ndipo iwowo anakulira pomwepo. Lero ali ndi timasitima ta zidole ta sikelo ya HO (muyeso wochepetsa zinthu ka 87) timene timayenda pa thebulo m'galaja mwawo, koma tinyumba tonse timene amapeza m'masitolo nta ku Germany, ku Britain ndi ku America. Za siteshoni ija anatsala ndi chithunzi chimodzi chokha chakale: nyumba ya njerwa, denga la malata, khonde lokhala ndi mizati, bambo awo ataima pakhomo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndingathe kuimanga ndekha? Ndiyambire pati? Ndigule pulasitiki kapena katoni ingakwane?"

Achimwene, mungathe, ndipo njira ina palibe. Sindinaonepo kampani youmba timasiteshoni ta njanji ya ku Malawi, choncho aliyense wofuna Luchenza, Golomoti kapena Chipoka pa thebulo pake amatenga mpeni yekha. Za katoni ndi pulasitiki ndiyankha, koma si poyambira. Poyambira ndi miyeso.

Njanji imene bambo anu ankagwirapo ntchito inafika ku Salima mu 1935, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa. Inali yopitiriza njanji ya Shire Highlands Railway, imene inalumikiza Port Herald, Nsanje ya lero, ndi Blantyre mu 1908. Yonseyi mpata wa pakati pa zitsulo zake ziwiri ndi mamilimita 1067, monga ya ku South Africa, Zambia ndi Mozambique. Apa pali kanthu koti mudziwe. Sikelo ya HO imachepetsa chinthu chilichonse ka 87, ndipo kanjanji kake ka mamilimita 16.5 kamaimira njanji yotakata ya ku Ulaya ya mamilimita 1435. Yathuyi mutaichepetsa ka 87 imakhala mamilimita 12 ndi pang'ono. Ndiye ofuna zenizeni amagula kanjanji ka mamilimita 12, ena amasunga ka 16.5 komweko nkumamanga zonse pa sikelo ya 1:64, monga amachitira ambiri ku New Zealand. Inu muli kale ndi mainjini ndi mabogi a HO. Ine ndikuti musagwetse zimene muli nazo. Anzanu ambiri ku South Africa komweko amayendetsa masitima akwawo pa kanjanji ka 16.5 ndipo palibe amene amawaletsa. Chongoyenera kusamala nchakuti nyumba, anthu ndi magalimoto zonse zikhale za 1:87. Zinthu za ku Britain zolembedwa OO zimayenda pa kanjanji komweko koma nza 1:76, ndipo kamunthu ka OO kakaima pakhomo la HO mutu umagunda pamwamba.

Tsopano tengani chithunzi chija. Chijambuleni ndi foni kapena muchisikane, muchikulitse pa kompyuta mpaka njerwa zioneke, ndiye muyambe kuwerenga mizere kuchokera pansi kufika pamene payambira denga. Amisiri a nthawi ya atsamunda ankatsata muyeso wa ku Britain: mizere 4 ya njerwa pamodzi ndi matope ake imakwana phazi limodzi, mamilimita 305, ndipo njerwa imodzi m'litali pamodzi ndi matope ndi pafupifupi mamilimita 230. Pa HO phazi limodzi ndi mamilimita 3.5. Ndiye mukawerenga mizere 40, khomalo ndi la mamita 3 ndi pang'ono, ndipo pa katoni mudula mamilimita 35. M'litali chimodzimodzi: werengani njerwa za mumzere umodzi, chulukitsani ndi 230, gawani ndi 87.

Koma tonse tikudziwa njerwa zootcha za kwathu. Chikombole cha uyu sichifanana ndi cha uyo. Nchifukwa chake musakhulupirire njerwa zokha. Chitseko chimakhala cha mamita 2 kapena kuposa pang'ono, ndiye kuti mamilimita 23 pa HO. Onani kuti chitseko chikutha pa mzere wachingati, muone ngati ziwirizi zikugwirizana. Muyeso wachitatu ndi bambo anu eni ake. Msinkhu wawo mukuudziwa kuposa wina aliyense, ndipo aima pakhomo penipeni. Zitatuzi zikagwirizana, mwapeza nyumba. Ngati nyumbayo ikadalipo, denga lake mukhoza kuliyeza pa Google Earth, kapena kutuma m'bale akaijambule mbali zonse zinayi, ataimika ndodo ya mita imodzi pakhoma, ataima patali ndithu kuti makoma asaoneke opendekera. Ayambe wapempha kwa oyang'anira siteshoni, ndipo asayende pa njanji. Mukadzapita kumudzi, kafufuzeninso zithunzi zakale ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ndi ku National Archives ku Zomba.

Mbali zimene chithunzi sichikuonetsa muzifunse kwa amayi, azakhali kapena aliyense amene anakhalapo. Zenera logulitsira matikiti linali mbali iti? Katundu ankasungira kuti? Belu linkapachikidwa pati? Musachedwe nawo mafunso amenewa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu imene ikukumbukira dengalo ikuchepa chaka ndi chaka.

Mukapeza miyeso, jambulani makoma onse pa pepala, muwamate pa katoni ya sopo, mudule mwachangu, muimike ndi selotepi pambali pa njanji. Kanyumba kongoyeserako kakhale pamenepo sabata yathunthu. Muzikayang'ana mutawerama, maso ali pa msinkhu wa thebulo. Ngati denga latsetsereka kwambiri kapena khonde lafupika, mudzaona, ndipo mudzakhala mutataya katoni ya sopo basi.

Tifike pa funso lanu la zipangizo. Ine ndimaima ndi katoni. Ku Pendon Museum, m'mudzi wa Long Wittenham ku Oxfordshire, kuli tinyumba ta kumidzi ya ku England timene anthu amachokera kutali kudzaona, ndipo tambiri nta katoni yopentedwa ndi penti wa madzi, njerwa imodziimodzi. Anayambitsa ntchitoyi ndi Roye England, wochokera ku Australia, amene ankayenda m'midzi kuyeza nyumba zakale zisanagwetsedwe kapena kusinthidwa. Pulasitiki ya styrene, monga ya Evergreen kapena Slater's, ndi yabwino pa mizati, mafelemu ndi tinthu tating'ono, koma ndi yodula, ndipo mankhwala omatira ake amafuna mazenera otsegula. Pa makoma katoni imakwana.

Vuto la katoni ndi chinyezi. Kanyumba kanga koyamba ndinakamanga ndi katoni imodzi yokhuthala mwezi wa Okutobala, ndinakapenta kunja kokha. Pofika Januwale makoma onse anali atapindika ngati uta, ndipo ntchito ya masabata atatu inathera pomwepo. Zinandiwawa. Chimene ndinaphunzira nchakuti khoma lizikhala la magawo atatu omatidwa pamodzi: lakunja lopyapyala, lapakati lokhuthala, lamkati lopyapyala ngati lakunja, kuti mbali ziwirizi zizikokana mofanana. Matani ndi guluu woyera wa akalipentala, wopakidwa pang'ono kwambiri, mutsindire ndi mabuku usiku wonse. Likauma pakani vanishi mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe. Mphemvu nazo sizikonda katoni yopakidwa vanishi. Magawo atatuwa akhale okwana mamilimita 2.5 mpaka 3, chifukwa khoma la njerwa yopingasa ndi mamilimita 230, ndipo kukhuthala kumeneko kumaonekera pa mazenera. Zenera likakhala pamwamba penipeni pa khoma, osalowa mkati, nyumba imaoneka ngati chidole.

Podula, mpeni ukhale wakuthwa, rula ikhale yachitsulo, ndipo musakanikize: dutsani kanayi kapena kasanu pang'onopang'ono. Boolani mazenera ndi zitseko khoma lisanachoke pa katoni yaikulu, apo ayi timbali topyapyala timang'ambika. Magalasi dulani ku pulasitiki yoonekera ya zokutira katundu, timitanda take tikhale timizere ta pepala lomata la maleba. Supagulu asayandikire galasi, amaliyeretsa ngati chifunga. Njerwa mukhoza kusindikiza pa pepala, makampani ngati Scalescenes amagulitsa mapepala otere pa intaneti, koma muone kuti njerwazo zatuluka pa muyeso wa HO. Pepalalo lizizungulira ngodya, ndipo paliponse pamene katoni yoyera ikuonekera mupake ndi pensulo ya mtundu wa njerwa.

Denga ndi limene lidzauze munthu kuti kuno ndi kwathu, chifukwa thebulo timaliona kuchokera pamwamba. Malata akale ozungulira aja, osati a IBR a masiku ano, kuchokera pa msana umodzi kufika pa wina ndi mamilimita 76. Pa HO zimenezi sizikwana ngakhale milimita imodzi, ndi 0.87. Katoni ya m'mabokosi yokhala ndi ngalande ija ndi yaikulu mopitirira, musaiyese. Pitani ku hadiweya mukagule mabauti awiri aatali a M5, amene mazinga ake ndi otalikirana mamilimita 0.8, omanga pa OO atenge M6, a 1:64 atenge M8. Dulani timbale ta aluminiyamu totengeramo chakudya, muwongole ndi msana wa supuni, mudule tizidutswa ta mamilimita 8 m'lifupi ndi 28 m'litali, ndiye kachidutswa kalikonse mukagudubuze pakati pa mabauti awiriwo. Kamatuluka kalata kenikeni. Khomani limodzilimodzi pa denga la katoni kuyambira m'munsi, lapamwamba liziphimba lapansi, monga amachitira mmisiri. Lina likapendekera pang'ono lisiyeni. Siteshoni ya masentimita 17 ikhoza kudya timalata 80 kapena kuposa, ndipo madzulo angapo adzapita, koma palibe pulasitiki yogula imene imafika pamenepa.

Mizati ya khonde ikhale ya waya wolimba kapena ya styrene, yolowa m'mabowo a pansi. Yongomata pamwamba imathyoka tsiku loyamba lopukuta fumbi.

Pulatifomu muifupikitse. Ya mamita 150 ingadye mita imodzi ndi masentimita 72 a thebulo lanu. Nyumba isungeni pa muyeso wake, pulatifomu ikwane mabogi atatu. Musanaimate, mangirirani pensulo pakati pa bogi yanu yaitali kuposa zonse, kenaka kumapeto kwake, muikankhe pa njanji. Mzere umene ijambule ndiwo malire, makamaka pokhota. Nyumbayo muilowetse pansi mamilimita 2 kapena 3, dothi lifike pakhoma. Kampata kakuda kunsi kwa khoma kamaononga ntchito yonse.

Chomaliza ndi mtundu, ndipo apa chithunzi chakuda ndi choyera sichikuthandizani, muyenera kutseka maso nkukumbukira. Penti asakhale wonyezimira. Kunsi kwa makoma athu kumakhala kofiirira mpaka m'mawondo chifukwa cha mvula yodontha kuchokera pa malata nkuthovukira dothi. Dzimbiri limayambira pa misomali ndi polumikizana malata, nkutsika motsata ngalande. Pa chitseko pamada pamene manja amagwira, pakhoma la khonde pamasalala pamene anthu amatsamira podikira sitima ndi mitolo yawo. Pakani pang'ono, muleke, mudzaonenso mawa. Dothi la pabwalo musagule la m'botolo. Wina akamabwera kuchokera kumudzi akujambulireni bwalolo dzuwa lili pamutu, ndiye mufunefune dothi la mtundu womwewo komwe muliko, muliumitse mu uvuni, mulisefe pa sokosi yakale, mulimwaze pa guluu wosungunula ndi madzi.

Musayambe ndi nyumba yaikuluyo. Ngati pa siteshoni panali kanyumba kosungira nyali ndi mafuta, kapena chimbudzi cha kuseri, mangani kameneko kaye: makoma anayi, chitseko chimodzi, timalata 12. Manja akazolowera mabauti ndi mpeni, mubwerere ku chithunzi chija. Mukawerenga mizere ya njerwa mundilembere kuti mwapeza ingati, ndi mzere umene chitseko chikuthera, tiwerengere limodzi kutalika kwa khonde.