Kodi bondo lachitsulo silingakhote ngati geti?

FUNSO: Ndine wowotcherera zitsulo ku Mchesi, Lilongwe. Amayi anga adzawaika bondo lachitsulo. Geti limakhota likamazizira ngakhale nditaliyeza bwinobwino. Nanga chitsulo chothira m'chikombole sichidzakhota m'thupi mwawo?

YANKHO: Achimwene, mwafunsa ngati mmisiri weniweni. Chimene chimakhotetsa geti lanu ndi chomwechonso chimasowetsa tulo mainjiniya opanga mawondo.

Gawo lovekedwa ku fupa la ntchafu nthawi zambiri limakhala la chitsulo chotchedwa cobalt chosakaniza ndi zitsulo zina, molybdenum komanso chromium wa maperesenti 27 mpaka 30. Amaumba bondolo ndi phula, n'kulikuta ndi dongo losamva moto. Phula akalisungunula, amathiramo chitsulo chotentha madigiri oposa 1,400. Mbali zopyapyala zimayamba kuuma, zochindikala zikadali zofiira, ndiye zimakokana. Kukokanako kumatsalira mkati, maso sangakuone. Bondolo ndi lopindika ngati chilembo U, choncho akamalidula ndi kulipala, mikono yake imatha kukanuka kapena kutsekeka pang'ono.

Kukhota n'kosavuta kuyeza: makina a CMM amagunda chitsulocho malo ambirimbiri n'kufanizira ndi chojambula cha pakompyuta. Chovuta ndi kukokana kobisikako. Njira imene ndimaikonda, ndipo inunso mungaimvetse msanga, ndi yoboola. Amamata timawaya tomva kutamuka, n'kuboola pakati kabowo ka mamilimita pafupifupi 2. Chitsulo chozungulira kabowoko chimamasuka, timawaya n'kuulula mphamvu imene inali itamangika pamenepo. Koma bondo loboola silipitanso kwa wodwala. Kuyeza ndi X-ray sikuononga bondolo, kungoti X-ray imaona pamwamba pa chitsulo pokha, ndipo timibulu tikulutikulu timene timapangika m'chitsulo chothira chikamauma timaisokoneza. Ofuna kuona mkatikati amapita nacho kumalo a kafukufuku ounikira ndi neutron (tinthu tosaoneka ndi maso tolowa mkati mwa chitsulo), monga ISIS ku England kapena ILL ku Grenoble, m'dziko la France.

Kuti kukokanako kuthe, opanga ambiri amatenthetsanso chitsulocho kufika madigiri pafupifupi 1,200, ena akuchipanikiza ndi mpweya wa argon kuti timabowo tamkati titsekeke.

Tsono mtima pansi. Thupi la amayi ndi madigiri 37 okha, silingakhotetse cobalt. Kukhota kumachitikira kufakitale, ndipo kumeneko n'komwe amakugwira. Chimene mainjiniya amaopa kwenikweni ndi kamng'alu koyamba pamalo okokeka, poti bondo limasenza thupi maulendo pafupifupi 1 miliyoni pachaka. N'chifukwa chake amayeza chonchi.

Tsiku la opaleshoni likadutsa, pemphani adokotala akulembereni dzina la kampani ndi nambala ya bondolo m'buku la kuchipatala la amayi, ndipo bukulo mulisunge bwino.