Kodi Tidikire Mankhwala Atsopano M'malo Mochita Opaleshoni ya Khansa ya M'matumbo?

Funso: Bambo anga, a zaka 58, akhala akuchita chimbudzi cha magazi pafupifupi chaka chathunthu, ndipo tonse tinkangoti ndi kamwazi. Tsopano madokotala apeza chotupa cha khansa kumapeto kwa thumbo lalikulu ndipo akuti pafunika opaleshoni, koma bambo akuchita mantha. Ndawerenga pa Facebook kuti ku America kuli mankhwala amene anachiza odwala onse popanda kuwang'amba. Kodi tidikire mankhwalawo? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Pepani ndi matendawa, koma chonde musadikire. Nkhani imene mwawerengayo ndi yoona, kungoti anakuuzani mbali imodzi yokha.

Mu 2022, madokotala a pachipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York, motsogozedwa ndi Andrea Cercek ndi Luis Diaz, analengeza kuti anapereka mankhwala otchedwa dostarlimab kwa odwala khansa ya kumapeto kwa thumbo lalikulu. Ankawapatsa kudzera m'diripi masabata atatu alionse kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mwa odwala 12 oyambirira amene anamaliza mankhwalawo, palibe amene chotupa chake chinaonekanso. Komabe onsewa anachita kusankhidwa, chifukwa zotupa zawo zinali za mtundu umene maselo ake amalephera kukonza zolakwika mu DNA, malangizo a m'kati mwa maselo amene amawauza mmene azigwirira ntchito. Maselo otere amasiyana kwambiri ndi anzawo, moti chitetezo cha m'thupi chikangomasulidwa ndi mankhwalawa chimawazindikira n'kuwapha. Mwa odwala 100 a khansa ya pamalo amenewa, ndi 5 mpaka 10 okha amene ali ndi chotupa choterechi, ndipo kwa ena onse mankhwalawa paokha sathandiza kwenikweni. Funsani madokotala ngati kanyama kamene anatapa pachotupa cha bambo kangapimidwe kuti mtundu wake udziwike, koma tsiku la opaleshoni lisasunthe chifukwa cha zimenezi pokhapokha iwowo atanena.

Opaleshoni imene bambo akuiopayo nayonso ndi chipatso cha kafukufuku. Mu 1982, dokotala Bill Heald wa ku Basingstoke ku England anaonetsa kuti kuchotsa thumbolo pamodzi ndi mafuta onse olikuta, mmene mumabisala maselo a khansa, kumachepetsa kwambiri kuyambiranso kwa matendawa pamalo omwewo. Odwala ena amayamba awotchedwa chotupacho ndi makina kapena kulandira mankhwala kuti chiphwe. Chimene akuluakulu ambiri amaopa osachitchula ndi kathumba kolandira chimbudzi kamene amamata pamimba. Afotokozereni bambo mwaulemu kuti si onse amene amafunika kukhala nako, ndipo kwa ambiri kamakhala ka miyezi yochepa chabe pamene thumbo likupola.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi chaka chimene chinatayika chija. Mu 1990, Eric Fearon ndi Bert Vogelstein a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anafotokoza kuti khansa imeneyi imayamba ngati kanjerewere m'kati mwa thumbo, kamene kamasintha pang'onopang'ono, nthawi zambiri kwa zaka 10 kapena kuposerapo, kasanasanduke khansa. Dokotala akalowetsa kachubu kofewa, konenepa ngati chala, kokhala ndi kamera kunsonga, amakaona kanjerewereko n'kukadula ndi kawaya nthawi yomweyo. Palinso njira yopima chimbudzi yofufuza magazi osaoneka ndi maso. Kwathu kuno magazi m'chimbudzi timafulumira kuwanena kuti ndi kamwazi kapena likodzo, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma akapitirira munthu atamwa kale mankhwala, makamaka ngati akuonda kapena kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha, ayenera kupempha kuti amutumize kuchipatala chachikulu.

Popeza bambo adwala asanakwanitse zaka 60, inu ndi abale anu, komanso amene anabadwa nawo bambo, muli pachiopsezo chokulirapo kusiyana ndi anthu ena. Malangizo a madokotala a ku America amati anthu otere ayambe kuunikidwa m'matumbo akafika zaka 40, choncho mukadzawaperekeza bambo kuchipatala mudzafunsenso za inu eni.