Tirigu wachita chikasu: madzi kaye, urea pambuyo

Achimwene a ku Chileka, imelo yanu yandikhudza. Mwati tirigu wa kudimba wachita chikasu, madzi m'chitsime atsika, ndiye mukufunsa ngati muwonjezere thumba la urea kuti adzuke.

Funso lomweli linawasowetsa tulo malume anga ku Neno. Ankafesa tirigu mvula ikamatha, kudalira chinyezi chotsala m'nthaka ndi mawawa a Chiperoni. Chaka china mawawa anachedwa. Malume anagulitsa mbuzi zawo, nagula urea, namwaza pa dothi louma gwa. Fetelezayo anangoti mbuu pamwamba, dzuwa likumuwotcha. Pokolola, ife ana tinkapuntha ngala tsiku lonse, koma m'lichero munkatsala timaso tofota tokhatokha. Mbuzi zinapita, tirigunso osaoneka, ndipo malume sanafesenso mbewuyi mpaka kumwalira kwawo. Zimandiwawa mpaka lero.

Ambiri timayesa feteleza ndi mankhwala ochiza mbewu iliyonse yofooka. Ayi ndithu! Urea ali ndi nayitrojeni wokwana 46 peresenti, koma mizu imamwa zosungunuka basi. Akakhalitsa pamwamba kukutentha, mphamvu ina imathawira mumpweya. Mukachulutsanso urea pamodzi ndi madzi, mapesi amatalika, amafewa, n'kugwa mphepo ikawomba.

Komanso tisabisane, tirigu ndi mbewu ya malo ozizira monga Tsangano, Neno ndi Dedza. Ku Chileka kumatentha msanga. Sindikukugwetsani mphwayi. Buledi wa ku Limbe ndi mandasi a ku Ndirande, ufa wake wambiri ndi wa tirigu wochokera kunja, wogula ndi ndalama zakunja zomwe zikutisowazi. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, tonse tinaona mitengo ikukwera. N'chifukwa chake ndimakwiya mlimi wolimba mtima ngati inu akamasiyidwa yekha popanda ulangizi.

Nanga muchite chiyani?

Musathamangire kugula thumba lonselo. Madzi ochepawo muwasungire nthawi zitatu: patapita masabata atatu chifesere pamene mizu ikukhazikika, pamene ngala zikutuluka, ndi pamene maso akukula m'ngala. Urea thirani pang'ono tirigu akamaphuka nthambi, dothi lili lonyowa, kenako thirirani. Madzi akapereweratu, siyani mbali ina ya dimba, musamale yotsalayo. Chaka chamawa fesani mu Epulo kapena Meyi, kuti akhwime kutentha kwa Seputembala kusanafike.