Ndikwatiwe ndi msilikali kapena ndidikire wa digiri?

FUNSO: Zikomo azakhali. Ndine mtsikana wa ku Bangula m'boma la Nsanje. Chibwenzi changa ndi ofesala wa asilikali ku Zomba, ndipo akufuna kudzapereka lobola. Koma amayi akuti ndidikire mnyamata wa digiri wogwira ntchito ku Nchalo, ati mabanja a asilikali sakhalitsa. Nditani?

YANKHO: Mwana wanga, nkhawa ya amayi ako ndikuimvetsa. Msilikali amatumizidwa kutali, ena mpaka ku DRC kwa miyezi yambiri, iwe n'kutsala wekha ndi ana Shire atasefukira. Komatu wa digiriyo sanakufunsire n'komwe, ndipo sunanene kuti umamukonda. Mufunse msilikaliyo mosabisa: mudzakhala kubalaki kapena kumudzi kwawo? Akachoka, ndalama ya pakhomo azitumiza bwanji? Ankhoswe a mbali zonse akhalepo pokambirana zimenezi lobola asanaperekedwe.